Funso Limene Ndinafunsa a Semba Pamaso pa Mpongozi Wawo

Tiyanjane ndi Feliki, ana anga, kope ili munandigulira kuti ndizikhala pansi, ndikudziwa. Pakamwa munati, "Amayi, lembani za ntchito yanu adzukulu adzawerenge," koma mumtima munkafuna ndisiye kuzungulira makomo a anthu kufunsa ngati amwa mankhwala awo. Chiyambireni tsamba lino ndadzuka katatu: kukaona mbuzi, kukatseka mpopi umene unali wotseka kale, kukasuzumira kumsewu kopanda amene ndikumuyembekeza. Zaka makumi atatu ndinazithera choimirira m'wodi, ndiye ine ndi mpando sitinazolowerane. Za ubwana wanga ku Maseya sindilemba, agogo anu anakuuzani zonse n'kuthirako mchere. Ndiyambira tsiku limene ndinavala yunifolomu yoyera.

Chaka choyamba, kumunsi kwa Nsanje

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino inali pa kachipatala kakang'ono m'mphepete mwa dambo. Ndinafika pa lole ya thonje nditakumbatira matilesi ndi ndowa, ndipo amene anandilandira ndi a Jeke, mkulu wa pamalopo, munthu wowonda wosachedwa kuseka. Ananditsegulira kabati ya mankhwala nati, "Uyang'anitsitse lero, kudzaza kwake n'komweku." Munali mabotolo asanu ndi chisa cha mavu. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi anali atafa ine ndisanabwere. Choyezera kutentha kwa thupi chinali chimodzi, ndipo masana a Novembala chinkaonetsa kuti aliyense akudwala, ngakhale tebulo. Odwala ankabwera pa bwato, ena atanyamulidwa pa chitseko, akulankhula Chisena chimene ine ndinkangomva mutu ndi mchira. Ndinachiphunzira msanga, amayi a m'dambo atandiseka mwezi wathunthu. A Jeke anandiphunzitsa kuti namwino wopanda makina akadali ndi zala zitatu ndi wotchi, ndipo chimenecho ndinachigwira. Anandiuzanso china chimene chinangolowa khutu ili n'kutulukira linali. Tsiku lina nditafunsa mayi wina za kumwezi mokweza, pamzere pali amuna, anandiitanira kuseri nati, "Esitere, manja ako ndi abwino, koma pakamwa pako pamafika mutu usanafike." Ndinaseka, ndinayesa ndi zonena za achikulire. Kumeneko ndinakhala zaka zisanu, ndinadwala malungo mpaka kusiya kuwerenga, ndinakumana ndi bambo anu, ndipo ndinalemba makalata atatu opempha kusamutsidwa chifukwa ine malo amodzi amanditopetsa msanga.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, wodi ya amuna

Kalata yachitatu inayankhidwa. Ananditumiza ku chipatala chachikulu m'chigwa momwe muno, dzina lake sinditchula, ku wodi ya amuna opangidwa opaleshoni. Odwala nthawi zonse ankaposa mabedi, magolovesi tinkachapa n'kuyanika, ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo. Masiku ena ndinkathandiza ku fiyeta, chipinda chopangira opaleshoni, ndiko ndinadziwana ndi a Malunga, amene ntchito yawo inali kugonetsa odwala ndi kuwadzutsa. Anali munthu wamfupi, wa kamimba, wolankhula pang'onopang'ono moti ine ndinkawamalizira mawu mumtima. Tsiku lina tikung'amba bambo wina pamimba, dokotala anakoka matumbo mwamphamvu kuti aone kuseri kwake. A Malunga, zala zili pakhosi pa wodwalayo, anakuwa, "Siyani! Musakoke!" Ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu. Mtima wa munthuyo unali utatsika mwadzidzidzi, ukugunda mwa apo ndi apo. Dokotala anasiya, a Malunga anabaya jakisoni m'diripi, ndipo mtima unabwerera ngati sipanachitike kanthu.

Titatuluka ndinawatsatira mpaka pa sinki. "Chachitika n'chiyani muja? Magazi sanatayike."

"Kusukulu munkagona, asisita?" anatero akusamba m'manja. "Muli mtsempha wina m'thupi muno, m'mabuku amautcha vegasi. Umachokera kunsi kwa ubongo, n'kutsika m'khosi mbali zonse ziwiri, n'kudutsa pamtima, m'mapapo, mpaka m'matumbo. Kumtima umagwira chingwe, monga mwini ngolo agwirira ng'ombe kuti zisathamange. Kumatumbo umalamula kuti ziyendani. Mukakoka matumbo mwankhanza umadzidzimuka n'kukoka chingwe chija mopitirira, mtima n'kufuna kuima. Ndi zimene mwaonazo."

"Nanga opaleshoni ikatha?"

"Ikatha umanyanyala. Thupi lavulazidwa, lili pankhondo, ndiye iwo umasiya chingwe n'kukhala chete. Mtima umathamanga, matumbo amagona, njala imathawa. Wina tsiku limodzi, wina masiku atatu. Ukabwerera, munthu wayamba kuchira. Ukachedwa, funsani chifukwa chake."

Ndinafunsa kuti ndingadziwe bwanji kuti wabwerera, poti mtsempha suoneka. Anapukuta dzanja nandipatsa. "Gwirani apa. Maso akhale pachifuwa panga." Anapuma mozama. Pokoka mpweya kugunda kunafulumira pang'ono, potulutsa kunachedwa. Ndinali nditagwira manja a anthu zaka zisanu osazindikira zimenezo, chifukwa ndinkangothamangira kupeza nambala yolemba. "Mtima wa munthu amene ali bwino suyenda ngati wotchi," anatero a Malunga. "Umasewera ndi mpweya. Kwa achikulire kusewerako n'kochepa, pamafunika kudekha, chinthu chimene inu mulibe. Wodwala wa opaleshoni mudzamupeza ukugunda mouma, mofanana, mothamanga. Tsiku limene uyambe kufewa, mvetserani m'mimba. Matumbo alira, kenako munthu aphwisa, kenako apempha chakudya."

Kuyambira pamenepo ndinkagwira manja a odwala nthawi yaitali moti anzanga ankati ndikufuna banja m'wodi. Masiku ano ndamva kuti achinyamata amapatsa odwala madzi msanga, mwina akudziwa zimene ife sitinkadziwa. Nthawi yathu lamulo linali limodzi: wong'ambidwa matumbo sadya kanthu mpaka atatulutsa mpweya kumusi. Choncho m'mawa uliwonse pa raundi, dokotala akuyenda bedi ndi bedi, namwino ankafunsa funso lomwelo n'kulemba yankho m'fayilo.

Chaka chachikhumi ndi chinayi, mwezi wa Okutobala

A Semba anabwera Lolemba m'mawa, mimba itatupa ngati ng'oma, matumbo atapotana. Anali mlimi wa thonje ndi mapira wa kuseri kwa Ngabu, cha kumalire, mdala wamtali wa ulemu wake. Akazi awo anali atamwalira, mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, ndiye gadiyani wawo, wowadikirira pabedi, anali mkazi wa mwana wawoyo, dzina lake Luwiza. Dokotala wamkulu wa wodi yathu nthawi imeneyo anali a Mbewe, wachinyamata, wa manja aluso, wosakonda kubwereza mawu. Anawang'amba tsiku lomwelo, nadula chigawo cha thumbo chimene chinali chitada, nalumikiza. Ntchito anaigwira bwino.

Inu munakulira pa maboma, mwina simudziwa. Kwathu kuno mkazi ndi apongozi ake aamuna sayang'anana m'maso, satchulana maina, sakhala mphasa imodzi. Akakumana m'kanjira, mmodzi amapatukira m'tchire. Luwiza ankawapukuta thukuta a Semba nkhope atatembenuzira kukhoma, ankalankhula nawo atagwada cham'mbali n'kumawatchula kuti pai, ndiye kuti bambo m'Chisena, ndipo zikafika pa zamkodzo ankapempha gadiyani wamwamuna wa bedi loyandikana. Ine zonsezi ndinkaziona, ndipo ndinakulira m'mwambo womwewo. Koma wodi inali yodzaza mpaka pakhonde, dzuwa likuotcha moti malata ankathetheka, ndipo m'mutu mwanga munali ntchito khumi nthawi imodzi.

Lachiwiri pa raundi ndinaima kumiyendo kwa bedi n'kufunsa monga ndinkafunsira aliyense, mawu omveka mpaka pakhomo: "A Semba, mwaphwisa?" Luwiza anaphimba nkhope ndi chitenje. A Semba anayang'ana kudenga napukusa mutu. Lachitatu chimodzimodzi, ndipo odwala a mabedi a kumapeto anayamba kusekera m'mabulangete. Ine m'malo mozindikira ndinawonjezera nthabwala yanga yopusa: "Musaumire nawo, bambo. Ndizikufunsani tsiku lililonse mpaka mudzandipatse." Lachinayi, ndisanamalize n'komwe funso, anati, "Eya, zachitika." Ndinalemba m'fayilo n'kusaina. Dzanja lawo sindinagwire, m'mimba sindinamvetsere, chifukwa nthawi yomweyo pakhomo ankalowetsa msodzi wolumidwa ndi ng'ona, magazi ali chuchuchu. A Mbewe atawerenga mzere wangawo anati a Semba ayambe tiyi ndi phala. Lachisanu m'mamawa, akuthamangira kumsonkhano kumtunda, anayang'ana bala, linali louma, anafunsa mdalayo ngati ali bwino, iye anati ali bwino, ndipo anasaina kalata yowatulutsa. Bedi analonjeza msodzi uja, amene anali pa matilesi pansi.

Lachisanu lomwelo, dzuwa lili pamutu

Ndinapita kukachotsa singano ya diripi pamkono pa a Semba. Luwiza anali atamanga kale katundu m'chitenje, ndipo lole ya mnansi wawo, imene inabweretsa mbuzi kumsika, inkadikira pageti. Pogwira mkonowo zala zanga zinapita zokha pamtsempha wa magazi. Ndinawerenga kugunda 124 pa mphindi imodzi. Ndinadikira mpweya khumi, maso pachifuwa, koma mtimawo unkangogunda mouma, osasewera ngakhale pang'ono. Ndinakweza shati. Mimba inali yolimba, yonyezimira. Ndinaikapo chomvetsera mphindi ziwiri zathunthu, m'katimo muli zii. A Semba ankameza malovu pafupipafupi akundimwetulira mwaulemu. Ndinachita mantha, ana anga.

Ndinamuitanira Luwiza panja, pansi pa mtengo wa nimu pamene magadiyani ankaphikira.

"Achemwali, ndiuzeni zoona. Apongozi anu anatulutsadi mpweya?"

Anayang'ana pansi. "Nkhabe, ayi, asisita, ine zimenezo sindingadziwe."

"Mumagona pansi pa bedi lawo."

"Ndimagona, koma makutu ndimasiya panja."

"Nanga phala akudya?"

"Akumeza chifukwa ndawapatsa ndine. Akakana, kumudzi adzati mkazi wa mwana wawo anawagoneka ndi njala." Anapotokola nsonga ya chitenje. "M'mawa anasanza kawiri. Zobiriwira. Anati ndichape msanga adokotala asanaone, lole ingatisiye."

Ndinamutuma kukatunga madzi kumjigo wakutali. Ndinabwerera m'wodi, ndinakoka nsalu yotchinga bedi, ndinagwada pafupi ndi khutu lawo, chinthu chimene ndikanachita Lachiwiri.

"Bambo, dzulo munandiuza zoona?"

Anatembenukira kwa ine. "Asisita, kwanu n'kuti?"

"Ku Maseya."

"Ndimayesa ndinu wakutali. Ku Maseya amayi anu sanakuuzeni kuti munthu safunsidwa zimenezo pamaso pa mkazi wa mwana wake? Masiku atatu, mwananga. Mwana uja kuphimba nkhope, amuna anzanga kuseka. Munati muzindifunsa mpaka ndidzavomere. Ndinavomera kuti musiye."

"Mukakwera lole chonchi mukafera m'njira."

"Kufera m'njira kuli bwino kusiyana ndi raundi yanu ya mawa."

Akuluakulu amati manyazi anapha lambe, koma apa manyaziwo ndinawaphika ndine. Ndinaimirira. Namwino safafaniza zimene dokotala wasaina. Foni ya a Mbewe inali yozima. Dokotala wina yekhayo amene analipo anali ku fiyeta ndi mayi wovutika pobereka, a Malunga ali naye komweko, ndipo sakanatuluka ola lisanathe. Pageti lole inaliza hutala. Njira yosavuta inalipo: kuwasiya apite. Kalata inali yosainidwa, palibe akanadziwa, achikulire amafera kumudzi ndipo anthu amati ndi ukalamba. Ndikulemba poyera kuti maganizo amenewo anandibwerera, ndipo sanachoke msanga. Kuwasunga kunali kuvomera pamaso pa mabwana kuti ndinalemba zimene sindinayeze, komanso kusiya msodzi uja pansi ndi mwendo wake wong'ambika. Ndinayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo katatu. Kachitatu ndinapinda kalata yowatulutsa ija n'kuiika m'thumba, ndinatumiza uthenga kugeti kuti lole izipita, ndinatsegula fayilo n'kulemba pansi pa mzere wanga wa dzulo lake: "Zimene ndinalemba pamwambapa si zoona. Ndinafunsa molakwika ndipo sindinayeze." Ndinasaina.

A Semba anakana kaye. Ndinawalonjeza chinthu chimodzi, kuti nkhani ija sadzaimvanso pagulu, ndipo analola. Ndinalowetsa kachubu m'mphuno mpaka m'mimba, iwo akumeza misozi ikutsika, ndipo m'beseni munayamba kutsika madzi obiriwira onunkha mpaka linadzaza. Akanasanza zimenezo pa lole atagona chagada, zikanalowa m'mapapo. Madiripi m'wodi mwathu anali atatsala awiri, ndiye ndinapita ku mateniti, wodi ya amayi oyembekezera, kukapempha, kupempha kwake kotenga kaye n'kupepesa pambuyo. Atatuluka ku fiyeta, dokotala winayo anasaina kuti a Semba akhale. A Malunga anagwira dzanja, namvetsera m'mimba, nati, "Pali ziwiri. Mwina mtsempha uja ukadali wonyanyala, tawonjezera kuukwiyitsa powadyetsa msanga, ndiye tidikire. Mwina polumikiza paja pakudontha. Thupi likatentha, abwerere ku fiyeta osachedwa." Sanandidzudzule. Anangondiyang'ana, ndipo kukanakhala bwino akanandimenya.

Loweruka ndi Lamlungu

Masiku awiri amenewo ndinayenera kupuma, koma kunyumba sindinakhale. Ndinkati ndikasesa pang'ono, ndaona kale ndili pamsewu wa kuchipatala, mpaka bambo anu anati ndingonyamula mphasa ndikakhale komweko. Ndinkayeza kutentha kwa thupi maola awiri alionse. Ndinkawadzutsa a Semba kuwayendetsa pakhonde, ine nditanyamula diripi m'mwamba, iwo atagwira pamimba, Luwiza akutsatira patali ndi masilipasi awo. A Malunga anabwera ndi chingamu cha pagolosale. Anati anawerenga kuti pakamwa pakamatafuna, mtsempha uja umayesa chakudya chikubwera n'kuyamba kudzutsa matumbo. Mdalayo, mano anayi okha m'kamwa, anachiyang'ana nati, "Pa ukalamba wanga uno, kutafuna mphira ngati mtsikana wa sukulu?" Koma anatafuna. Funso lija ndinkafunsa katatu pa tsiku, monong'ona, nditamutuma kaye Luwiza kumjigo. Mtsikanayo anatunga madzi mpaka ndowa za magadiyani onse zinasefukira. Nthawi iliyonse a Semba ankapukusa mutu. Mtima unatsika pang'ono, 118, 112, koma uli woumabe, ndipo m'mimba munali chete. Msodzi uja ndikamadutsa ankadzutsa mutu pa matilesi ake nati, "Asisita, bedi langa ladzuka bwanji lero?" Ndinkaseka naye n'kupitirira.

Lolemba lotsatira

A Mbewe anandiitanira mu ofesi ya a Metironi, mkulu wa anamwino, fayilo ili patebulo. Sanakweze mawu.

"Kuti munaimitsa kalata yanga, ndikanakhululuka. Munachita bwino. Koma ine ndinasaina chifukwa cha mzere wanu, asisita. Ndikadalira mzere wa namwino, ndimaika moyo wa munthu pamenepo. Mizere ingati m'mafayilo muno ndi yotere?"

"Umodzi wokhawu, adokotala."

"Mukudziwa bwanji?"

A Metironi anandipatsa kalata ya chenjezo, m'munsi mwake mutalembedwa kuti mwezi ukatha ndipite ku kachipatala kena kakumudzi. Ine amene ndinkalemba ndekha makalata opempha kusamuka, iyi inandiwawa. Ndinapitadi, ndipo n'chifukwa chake iwe Feliki unabadwira m'nyumba yodontha ija. Koma tsikulo za kusamuka sizinali m'mutu mwanga. A Mbewe anakawayeza a Semba okha, natulukira pakhonde, nati kukacha matumbo asanayende awang'ambanso. A Malunga anayankha motsitsa kuti mdala wofooka chotere, akamugonetsa kachiwiri, sakulonjeza kuti amudzutsa.

Chakumasana ndinagwiranso dzanja lawo. Ndinawerenga 88. Ndinayesa ndalakwitsa, ndinabwereza. Ndinayang'ana pachifuwa, ndinadzikakamiza kudekha, ndipo pansi pa zala zanga ndinamva kanthu kochepa kwambiri: pokoka mpweya kufulumira, potulutsa kuchedwa. M'mimba munamveka kulira kumodzi, kutali. Sindinalembe kanthu, ndinkaopa cholembera changa. Ndinapita kudesiki, ndinakhala, ndinadzuka, ndinakonza mabotolo okonzedwa kale, ndinakhalanso.

Cha m'ma fili koloko, wodi ili duu ndi kutentha, ndinamva mapazi akuthamanga pa simenti. Anali Luwiza, mpango utagwa kumutu, akufuula kuchokera pakati pa wodi.

"Asisita! Asisita! Pai aphwisa! Ndamva ndekha, kawiri!"

Mawu atatuluka ndi pamene anazindikira chimene wanena. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, naima chiimire. Kenako msodzi uja anayamba kuomba m'manja pa matilesi ake, gadiyani wina analiza nthungululu, ndipo amuna onse anaseka, koma sikunali kuseka kwa Lachitatu kuja. Ine ndinathamangira kubedi, chifukwa lonjezo langa linali litasweka pamaso pa anthu onse. A Semba anali atafunda nsalu kumutu, ndipo nsaluyo inkagwedezeka. Ndinaikoka pang'onopang'ono. Mdalayo ankaseka, dzanja limodzi litagwira pabala, misozi ikutsikira m'makutu.

Luwiza anabwera nagwada patali, nkhope kukhoma. A Semba anapukuta m'maso, natembenuza mutu, namuyang'ana.

"Luwiza."

Mtsikanayo anadzidzimuka. Chikwatiwireni, dzina lake linali lisanatulukepo pakamwa pamenepo.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa amuna onsewa."

"Ndalakwa, pai."

"Sabata yathunthu wagona pa simenti chifukwa cha ine, mwana wanga wobereka ali ku Joni. Amene amasangalala ndi zoterezi si mpongozi. Tembenuka kuno, mwananga. Takhuta, zikomo. Tsopano kanditengere tiyi, njala yandigwira."

Luwiza anatembenuka, nawayang'ana kamodzi, nadzuka akulira kuthamangira pansi pa nimu paja. Ndinakuwa pambuyo pake kuti masupuni atatu okha, osapitirira. A Semba anandikoka yunifolomu, naloza fayilo imene inali kumiyendo kwa bedi.

"Asisita a ku Maseya, lembani m'buku lanulo. Lero ndi zoona."

Ndinayamba ndamvetsera kaye m'mimba, kenako ndinalemba.